Tindege ta Makedzana ndi Moto Watsopano wa Magetsi

Ku Britain, ku America, ku Italy, ku Australia ndi ku maiko ena kumene anthu ali nayo nthawi ndi malo ochitira zotere, kuli amuna, ambiri a iwo otuwa kale m'mutu, amene tsiku lopuma likacha bwino ndipo mphepo ikagona, amasenza tindege topanga ndi manja awo napita nato ku bwalo la udzu waufupi kunja kwa mzinda, kumene amakhala kufikira dzuwa litapendeka, maso ali kumwamba. Tindege timeneti si tija togula m'sitolo tili tathunthu. Ndi ta matabwa opepuka, tokutidwa ndi nsalu kapena pepala, ndipo maonekedwe ake ndi a zaka za m'ma 1930 ndi 1940, pakuti amisiri ake amatsata mapulani amene adajambulidwa iwo asanabadwe kapena akali kumsana. Pakati pa anthu ofatsa amenewa pali mlandu umene wagonera zaka zambiri, ndiwo wakuti: kodi n'chololeka kutenga kandege kamene mwini wake adakalinganiza kuti kaziuluka kokha, kokokedwa ndi injini ya petulo yaphokoso, n'kukaikamo mota ya magetsi ndi wailesi, kotero kuti munthu ali chiimire pansi azikakhotetsa monga afunira? Ena amati kutero n'kupulumutsa cholowa cha makolo. Ena amati n'kuchisukulutsa, nakumbutsa anzawo fanizo lija la vinyo ndi matumba achikopa.

Mlandu suweruzidwa chiyambi chake chisanamveke, ndipo chiyambi cha uwu n'chakale kuposa ndege zonyamula anthu. Mu 1871, m'munda wa Tuileries ku Paris, mnyamata wa zaka 21 dzina lake Alphonse Pénaud adaulutsa pamaso pa anthu kandege kamene adakatcha Planophore, koyendera mphira wopotedwa. Ndipo chimene chidazizwitsa oonerera sichidali kutalika kwa ulendo wake, umene udali wa mamita ngati 40 okha, koma kuti kadayenda mowongoka nikatera bwinobwino popanda dzanja lokagwira. Mu 1878 Bishopu Milton Wright adapatsa ana ake, Wilbur ndi Orville, choseweretsa chouluka chotengera nzeru za Pénaud yemweyo, ndipo anawo ndiwo adadzaulutsa ndege ya injini yonyamula munthu mu 1903. Koma chimene chidakoleza moto m'mitima ya anyamata wamba ndi ulendo wa Charles Lindbergh, amene mu 1927 adaoloka nyanja ya Atlantic ali yekha, kuchokera ku New York kufikira ku Paris. Kuyambira pamenepo makampani monga Comet ndi Cleveland adagulitsa timabokosi ta timatabwa ndi mapulani tosawerengeka, tina pa mtengo wa masenti 10. Magazini ya Model Airplane News idayamba mu 1929, ya Aeromodeller ku Britain mu 1935. Ndipo chikho chimene adapereka Sir Charles Wakefield, mwini mafuta a Castrol, chimene anthu adayamba kulimbirana mu 1928, chidasanduka ulemu woposa wina uliwonse kwa opanga tindege ta mphira.

Injini idalowa m'bwalo kudzera mwa anyamata awiri a ku Philadelphia. Bill Brown adasula kainjini ka petulo ka silinda imodzi, kamene pambuyo pake kadagulitsidwa ndi dzina lakuti Brown Junior, ndipo bwenzi lake Maxwell Bassett adapanga tindege tokanyamula. Pa mpikisano wa dziko lonse la America mu 1933 Bassett adasesa zikho zikuluzikulu za panja, popeza olemba malamulo adali asanalote kuti mphira angadzapikisane ndi petulo, ndipo akuluakulu adachita kupatula gulu la injini palokha. Zaka zochepa zimene zidatsatira, kufikira nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idameza zitsulo ndi matabwa opepuka, ndizo zidabala maina amene akali kutchulidwa ndi ulemu: Bomber ya Chet Lanzo, ya mapiko otambasuka mamita 2.4, Playboy Senior ya Joe Elgin, Buzzard Bombshell ya Joe Konefes, Powerhouse ya Sal Taibi, Clipper, Zipper ndi Sailplane za Carl Goldberg. Ku Britain nyengo yokolola idachedwerako, nidza nkhondo itatha, ndipo zipatso zake zokondedwa ndizo Junior 60 ya Albert Hatfull, imene kampani ya Keil Kraft idatulutsa mu 1946, ndi Tomboy ya Vic Smeed, imene pulani yake idasindikizidwa mu Aeromodeller mu 1950.

Tsono apa ndipo pagona nkhani yonse. Kandege ka masiku amenewo kakangochoka m'dzanja la mwini wake, kadalibe wina wokalangiza koma matabwa ake omwe. Chifukwa chake nzeru zonse zimene woyendetsa ndege amakhala nazo m'mutu ndi m'manja, mmisiri adayenera kuzisema m'maonekedwe a kandegeko asanakaponye. Mapiko ankawapinda kuti nsonga zake ziloze m'mwamba, ena kamodzi pakati, ena powonjezera kupinda kwina cha kumapeto, kuti mphepo ikapendeketsa kandege nikayamba kutsetsereka chammbali, phiko la m'munsi ligwire mpweya wambiri kuposa linzake ndi kukawongolanso. Phiko la kumchira ankalipanga lalikulu, mwina lofika gawo limodzi mwa magawo atatu a phiko lenileni, ndipo kawirikawiri nalonso linkasenza nawo kulemera. Kunsi kwa phiko lalikulu ankakupanga kolowa m'kati, kuti kandege kathe kuyenda mofatsa kwambiri osagwa. Injini zitayamba kukula mphamvu, ndipo tindege tambiri titatembenuka chagada n'kudzikhoma pansi, Goldberg adakweza phiko la Zipper ya mu 1939 pa kansanja pamwamba pa thunthu, kuti kandege kazikwera mozungulirazungulira, ndipo injini ikazima kazigona pa mpweya mwakachetechete. Palibe mzere pa mapulani amenewa umene udaikidwa chifukwa cha kukongola kokha. Uliwonse ndi yankho la funso lakuti kanthu kopanda maso ndi maganizo kangadzisunge bwanji m'mlengalenga.

Kupambana kwa nzeruzo kudali ndi mtengo wake. Mpweya wofunda umene umakwera dzuwa likatentha nthaka, womwe uja umene akabawi ndi miimba amazungulira nawo osakupiza mapiko, ukagwira kandege kopepuka sukabweza msanga. Mu 1937 pa mpikisano wa ku Detroit, Valkyrie ya Goldberg, ya mapiko a mamita 3, idauluka mphindi 53 nizimirira cha ku Canada. Mu 1939 ku Bendix, m'dera la New Jersey, Dick Korda adatenga chikho cha Wakefield kandege kake ka mphira katakhala m'mwamba mphindi zoposa 43 pa ulendo umodzi. Mnyamata aliyense ankamata kapepala ka dzina ndi keyala yake pa thunthu, nayembekezera chifundo cha mlimi amene angadzakatole m'munda mwake. Pambuyo pake adapeza njira ya kachingwe konyeka pang'onopang'ono, kamene moto wake ukafika pa kamphira komanga mchira umakadula, mchira n'kudzuka, kandege n'kutsika mosaphwanyika. Koma kuthamanga kulumpha mipanda ndi ngalande, maso ali m'mitambo, kudakhalabe gawo la masewerawo.

Amene amati wailesi ndi mlendo wosaitanidwa m'nyumba imeneyi ayenera kukumbukira kuti pa mpikisano womwewo wa ku Detroit mu 1937 padali kale gulu la tindege ta wailesi, ndipo wopambana adali Chet Lanzo, yemwe uja wa Bomber. Mapasa awiri, Walt ndi Bill Good, mmodzi wodziwa mapiko, mnzake wodziwa wailesi, adapanga Big Guff, imene idapambana mu 1939, mu 1940 ndiponso mu 1947, ndipo tsopano imasungidwa ndi National Air and Space Museum ya ku Washington. Mu 1955 a Keil Kraft eni ake adakulitsa mimba ya Junior 60 kuti wailesi ya masiku amenewo ilowemo pamodzi ndi mabatire ake olemera. Ngakhale magetsi si a dzulo: mu 1957 Colonel H. J. Taplin adaulutsa ku Britain kandege ka wailesi kotchedwa Radio Queen ndi mota ya magetsi, ndipo mu 1960 kampani ya Graupner ya ku Germany idatulutsa Silentius ya Fred Militky. Makolo a masewerawa sadakane zinthuzi chifukwa cha mwambo ayi. Adazisowa chifukwa zidali zolemera, zodula ndi zosakhulupirika. Zidakhala zotero kufikira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pamene mabatire a lithium polymer, mamota opanda mabulashi ndi mawailesi a 2.4 GHz, amene kampani ya Spektrum idawanditsa kuyambira mu 2005, zidafika pafupifupi nthawi imodzi ndi kusanduliza zonse.

M'zaka za m'ma 1960, anyamata aja a m'ma 1930 atakula nakhala ndi mabanja, ndipo ataona kuti tindege tatsopano tikuthamanga kwambiri koma sitikuwakoma mtima, adayambitsa ku America bungwe la Society of Antique Modelers (SAM), limene lidabala nthambi m'maiko ambiri, monga SAM 35 ndi SAM 1066 ku Britain. Kwa a ku America, poyamba kandege ka m'gulu la Antique kadali kamene kadalinganizidwa chaka cha 1938 chisanathe, ndipo ka Old Timer chaka cha 1942 chisanathe. A ku Britain, amene nkhondo idawabera zaka, adaika malire awo pa chiyambi cha 1951. Malamulo awo amafuna kuti mizere ya kunja, kapindidwe ka phiko ndi kutalikirana kwa phiko ndi mchira zikhale monga mwini pulani adaziikira, koma amalola kulimbitsa m'kati. Pamenepa pali chinthu chimene okangana ambiri amachilumpha. Kandege kamene timati kakale si kakale konse. Matabwa ake adadulidwa chaka chatha, guluu wake adagulidwa mwezi uno. Chimene chidaoloka zaka 80 kapena 90 ndi pulani, ndiye kuti maganizo a munthu pa za mpweya. Ndipo munthu woika mota m'kandege kotero sakuboola chuma cha m'nyumba yosungira zakale, koma akuyankhulana ndi maganizo amenewo, mwaulemu kapena mwachipongwe.

Ntchito imayambira pa thabwa lathyathyathya lolowa mapini. Pulani, imene lero ipezeka mosavuta pa intaneti pa malo monga Outerzone, kumene mapulani zikwi zambiri akale adasonkhanitsidwa kwaulere, imayalidwa pa thabwalo ndi kuphimbidwa ndi pepala losamata guluu. Pamwamba pake mmisiri amadula timitengo ta balsa, natikhomera ndi mapini motsata mizere, mbali imodzi ya thunthu pamwamba pa inzake kuti zifanane, kenaka nthiti za phiko imodziimodzi pa mitanda yake. Balsa ndi mtengo wa ku madera otentha a America, wochuluka wa pa malonda umachokera ku Ecuador, ndipo umakula msanga kotero kuti umadulidwa usanakwanitse zaka 10. Koma matabwa ake sakhala ofanana, pakuti lina likhoza kulemera kawiri kuposa linzake la msinkhu womwewo. Mmisiri wodziwa amalowa m'sitolo ndi kasikelo, nasankha lolimba la mitanda, lapakati la thunthu, ndi lopepukitsitsa la kumchira, podziwa kuti galamu imodzi yowonjezera kumchira idzafuna magalamu angapo kumphuno. Cha m'ma 2019 ndi 2020 mtengo wa balsa udakwera kwambiri chifukwa opanga mapiko a makina opukusa magetsi ndi mphepo adaugula wochuluka. N'chinthu choseketsa pang'ono kuti magetsi, amene adapulumutsa tindegeti mbali imodzi, adatilanda matabwa mbali inayo. Kampani ya Ben Buckle ndi ena amagulitsa mabokosi a zidutswa zodula kale, ndipo makina a laser amadula nthiti mosaphonya, koma kumata ndi kupala ndi sandipepa kulibe chidule. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa zokutira ndili ndi maganizo olimba. Akale ankakuta ndi silika kapena pepala lopyapyala, nalipaka mankhwala otchedwa dope amene amakoka nsalu kuti ikungike, ndipo kandege kotero kakapita pakati pa munthu ndi dzuwa, nthiti zonse zimaonekera. Lero kuli nsalu ndi timapepala tomata ndi simbi, tina toonekera m'kati mofanana ndi takale, ndipo palibe cholakwa kutigwiritsa ntchito. Koma pulasitiki yonyezimira, yosaonekera m'kati, imabisa ntchito ya miyezi itatu ndi kusandutsa Junior 60 kukhala chidole cha m'sitolo. Ubwino wina wa magetsi ndi wakuti palibe mafuta olowerera m'matabwa ndiponso palibe kunjenjemera kwa injini, motero mmisiri akhoza kukuta mopepuka ndi kusiya utoto wolemera wotchinga mafuta.

Vuto loyamba la kusintha limaonekera pa mphuno. Tindege takale tili ndi mphuno zazifupi, chifukwa injini ya chitsulo idali yolemera yokha, ndipo inkayenda ndi koyilo, kondensa ndi mabatire a tochi oyatsira pulagi. Mota ya lero ya mphamvu yofanana imalemera kachigawo chabe ka katundu ameneyo. Woikamo mota mosaganiza amapeza kuti kandege kakukhalira kumchira, ndipo kandege kolemera kumchira sikamvera munthu: kamakweza mutu, liwiro n'kutha, kugwa chamutu, kukwezanso, kufikira nthaka itathetsa nkhaniyo. Kutalikitsa mphuno n'kuononga pulani; kuthira mtovu n'kunyamulitsa kandege katundu wakufa. Njira yanzeru ndiyo kuika batire patsogolo penipeni, kunsi kapena kumbuyo kwenikweni kwa mota, ngakhale kuliimika chilili, ndi kusendeza ma servo, timakina tosuntha zoongolera, patsogolo momwe kungathekere, kuti zonse zolemera zikhale zogwira ntchito. Malo odendekera kandege, pamene munthu akaika zala ziwiri kunsi kwa phiko kamakhala kosapendeka, afuna kusamala kwapadera. Tindege ta wailesi ta masiku ano timadendekera cha pa gawo limodzi mwa magawo atatu a phiko kuchokera kutsogolo, koma tambiri takale ta phiko lokwezedwa ndi mchira wonyamula timadendekera pa theka kapena kupitirira. Wotsata chizolowezi cha lero mwakhungu amadzaza mphuno ndi mtovu napha kuyandama konse kumene kandegeko kadabadwira. Ndi bwino kuyambira pamene mwini pulani adalemba, kapena patsogolo pake pang'ono, ndi kulola kandege komwe kanene zotsalazo.

Vuto lachiwiri ndi mphamvu, ndipo ndilo limagwetsa ambiri, pakuti magetsi atsika mtengo ndipo mtima wa munthu sukhuta. Odziwa amawerengera mawati 110 kufikira 150 pa kilogalamu iliyonse ya kandege ka mtundu uwu. Motero Junior 60, ya mapiko a mamita 1.6, ikalemera kilogalamu imodzi ndi theka kapena kupitirira pang'ono, imakhutira ndi mawati 200 kapena 250, batire la maselo 3 la 2200 mAh, ndi pulopela yaikulu ya mainchesi 11 kapena 12 yozungulira mosafulumira. Ndipo ikakwera, theka la mphamvuyo limakwanira. Koma mota ya mawati 500 siposa inzake mtengo kwenikweni, ndipo munthu amati ndiikemo yaikulu, mwina tsiku lina ndidzaifuna. Phiko limene lidaikidwa kuti liziyandama pa liwiro limodzi lofatsa likakokedwa mwaukali limanyamula mopitirira, mutu umadzuka, ndipo woongolera amakhala akukankhira mphuno pansi ulendo wonse, akulimbana ndi kandege kake komwe. Mankhwala ake ndi akale: kupendeketsa mota kuti iloze pansi madigiri 2 kapena 3, mwina kuposerapo, ndi kumanja pang'ono, poika timawashala kumbuyo kwake. Mawailesi a lero akhoza kusakaniza okha mphamvu ya mota ndi tsigiro la kumchira, koma kumeneko n'kuphimba chilema, osati kuchichiza.

Chachitatu n'chobisika, ndicho kulimba kwa phiko. Kandege kouluka kokha sikadziwa kutsika chamutu mwaliwiro n'kudzuka mwadzidzidzi. Munthu wa wailesi ndiye amakachititsa zimenezo, makamaka pamene mpweya wofunda wakatengera kutali nachita mantha. Mapiko ambiri akale apindikira m'mwamba pa mphindi yoteroyo, natsika mbali ina thunthu mbali ina. N'chifukwa chake amisiri amasintha mitanda ya balsa ndi ya mtengo wolimba wa spruce, namata timatabwa toimirira pakati pa mtanda wa pamwamba ndi wa pansi, nalimbitsa mfundo za phiko ndi pulayiwudi. Zonsezi zimabisika m'kati, ndipo palibe wa SAM angadandaule nazo. Phiko lenilenilo limamangidwabe ndi timalamba ta mphira monga kale, kuti pa ngozi lidumphe m'malo mothyoka. Zoongolera zimakwanira ziwiri, tsigiro lokhotetsa ndi lina lokwezera ndi kutsitsira mutu, zodulidwa m'kati mwa mizere ya mchira wakale, ndipo zizisuntha pang'ono chabe, pakuti mapiko opindika aja amasandutsa kukhudza kochepa kwa tsigiro kukhala kukhota kokwanira. Woika zopendeketsera pa mapiko a Tomboy kuti izigubuduzika m'mwamba ali ndi ufulu wake, koma ndiyesa kuti akadachita bwino kupanga kandege kena. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Magetsi ali ndi zoopsa zake, ndipo walira mvula walira matope. Selo ya lithium polymer imadzala pa mavoti 4.2, siyenera kutsitsidwa kufika pansi pa mavoti 3, ndipo posunga nthawi yaitali imafuna kukhala cha pa 3.8. Ikaboledwa pa ngozi kapena ikadzazidwa mopitirira imatupa, ndipo ikhoza kuyaka moto wovuta kuzima, motero anthu osamala amatchaja ali pomwepo, batire lili m'chotengera chosapsa. Mota ndi kabokosi koilamulira zimafuna mpweya wozizira, choncho payenera kukhala polowera ndi potulukira pake, ndiponso kachitseko kochotsera batire popanda kumasula phiko. Pulopela ya injini imachenjeza ndi phokoso, ndipo ikagunda chala kawirikawiri injini imazima. Ya magetsi imakhala duu, n'kudzuka mwadzidzidzi dzanja likakhudza kandodo ka wailesi mwangozi, ndipo ikagunda kanthu imangoonjeza kukoka mphamvu.

Ndikadakhala wonyenga ndikadati palibe chotayika. Kuyatsa Mills .75, kainjini ka dizilo ka ku Britain kamene Tomboy imadziwika nako, ndi luso la zala ndi khutu limene palibe pulani ingalisunge: kusakaniza ether, palafini ndi mafuta a nsatsi, kutembenuza pulopela ndi chala mpaka kumva kuti yagwira, kupotokola kachitsulo ka pamwamba kufikira kulira kwake kutasalala. Fungo la nsatsi yopsa limabweza okalamba ku ubwana wawo msanga kuposa chithunzi chilichonse. Ndipo pali chotayika china chachikulu kuposa fungo, ndicho kutaya dzanja. Woponya kandege kopanda wailesi adachita zonse zimene akadatha, ndipo chotsala n'kuimirira ndi kuona ngati adaganiza bwino. Kulakwa kwake kumaonekera poyera pamaso pa onse, kulondola kwake chimodzimodzi. Wa wailesi akhoza kubisa phiko lopotoka ndi chala chake moyo wake wonse osadziwa kuti n'lopotoka. Pa ichi otsutsa akunena zoona, ndipo amene amawayankha kuti tsobola wakale sawawa sadamvetse chimene akulira.

Komatu dziko limene Bassett ndi Korda adaulutsiramo kulibenso. Mabwalo otambalala amene mnyamata akadathamangamo makilomita angapo adamangidwamo nyumba, ndipo makalabu ambiri adataya malo awo chifukwa anansi adadandaula ndi phokoso la injini. Malamulo a boma, amene adadza chifukwa cha ma drone, adagweranso tindege ta balsa: ku America kulembetsa kudayamba kumapeto kwa 2015, ku Britain mu 2019, kwa tindege ta magalamu 250 ndi kupitirira, ndipo kandege kamene kazimirira m'mitambo popanda woongolera sikaonedwanso ndi diso lachifundo lija la mlimi. Mwamuna wa zaka 75 sangalumphe mpanda, ndipo chala chake sichipirira kumenyedwa ndi pulopela m'mawa wozizira. Kumene okonda tindege takale amasonkhana ku Britain, injini zikali kulira, ndipo n'kwabwino kuti zilire. Koma Junior 60 zambiri zimene zikuuluka lero pa timabwalo ting'onoting'ono pafupi ndi nyumba za anthu zikadakhala zili pa denga la garaja, zikudyedwa ndi fumbi, pakadapanda mota yachete.

Chifukwa chake kugamula kwanga n'kwakuti kusintha n'kololeka, malinga magetsi ndi wailesi zilowe ngati antchito, osati ngati eni nyumba. Ndipo pali muyeso wosavuta wodziwira zimenezi. Kandege kakakwera, mwini wake azimitse mota, achotse zala zonse pa tindodo, nawerenge mpaka 30. Ngati kayandama kokha mozungulira, mutu osadzuka, osagwa, ndiye kuti Hatfull kapena Goldberg akali m'katimo, ndipo wailesi yangotenga malo a kachingwe konyeka kaja ndi miyendo ya mnyamata wothamanga. Ngati kayamba kudzandira pofuna chala, ndiye kuti katsala ndi chovala chokha cha kale, ndipo mmisiri abwerere ku thabwa lake, akaone podendekera, kapendekedwe ka phiko ndi kalozedwe ka mota.

A SAM eni ake, amene poyamba ambiri a iwo ankayang'ana magetsi cham'mbali, adafika pa maganizo ofanana ndi amenewa pokonza mipikisano yawo. M'zaka za m'ma 1930 kudali chikho cha Texaco, pamene aliyense ankapatsidwa petulo woyezedwa molingana ndi kulemera kwa kandege kake, ndipo wokhalitsa m'mwamba ndiye ankapambana; lero kuli Electric Texaco, pamene choyezedwa ndi batire, ndiponso mpikisano wotchedwa Limited Motor Run, pamene mota imaloledwa kukoka kwa kanthawi koikika, kenaka izime, kandege katsale ndi mapiko ake ndi mpweya wa tsikulo. M'mipikisano imeneyi mota yaukali yopanda kudziletsa imamaliza batire msanga, kulemera kulikonse kowonjezera kumafupikitsa ulendo, ndipo kukhudza kulikonse kwa tsigiro kumadya pang'ono msinkhu umene kandege kadakwera. Motero opikisana amaphunzira kusankha balsa ndi sikelo, kuwerenga mitambo ndi mbalame, ndi kuimirira mphindi zambiri zala zili pambali, kufikira nthawi yotsitsa kandege pa bwalo pamene wosunga wotchi akukadikira.